Tasesa, nanga tikataye kuti?

Amene akufuna kudziwa kuchuluka kwa zinyalala za mu Blantyre asavutike n'kupita ku ofesi iliyonse. Angodikira mvula yoyamba yamphamvu, ya mu Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, akaime pa mlatho wa Mudi pafupi ndi msika waukulu. Zonse zimene takhala tikubisa chilekereni mvula zimadutsa pamenepo: majumbo, mabotolo a zakumwa, mapampasi, zitete zothyoka, patapata wa mwendo umodzi, zisaka za makala, nthawi zina ndi galu wakufa yemwe. Madzi ake amakhala bii, fungo lake lofika mpaka m'minibasi yodutsa. Pakangotha maola ochepa mtsinje umaphwa, zotsala n'kumalendewera m'mabango ndi m'mizu ya mitengo, ndipo kumtunda kumene zachokera anthu amadzuka n'kuona ngalande zawo zili mbee.

Mzinda uno unamangidwa pa zitunda. Kulikonse ungatembenukire pali phiri, kaya Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe kapena Bangwe, ndipo pakati pa mapiriwo pali makwawa ndi timitsinje monga Nasolo, Naperi ndi Mudi. Munthu wa kumtunda akaponya thumba m'ngalande, kwa iye nkhani yathera pomwepo. Wa kumunsi ndiye amakaipeza pakhomo. Tsono mu Blantyre aliyense ali ndi wina kumunsi kwake, mpaka kukafika kwa abale athu a ku Chikwawa, kumene madzi onsewa amakagwera mu Shire.

Ine ndimakhala ku Ndirande, m'nyumba ya lendi, mumpanda wa mabanja angapo ogawana bafa ndi chimbudzi. Kanjira kofika kwathu n'kopanikiza kwabasi. Maliro akagwa, bokosi limanyamulidwa pamanja mpaka kumsewu, ndipo wodwala usiku amabelekedwa kumsana kukafika pamene galimoto yaima. Ndiye ngakhale galimoto yotenga zinyalala itakhala yatsopano, yodzaza mafuta, dalaivala wake ali ndi mtima wabwino, pakhomo pathu singafike. Zimenezi sizinayambe dzulo. Amishoni a ku Scotland anafika kuno mu 1876, kenako khonsolo ya tauni inakhazikitsidwa, Blantyre ndi Limbe anaphatikizidwa mu 1956, ndipo mu 1966 malowa anakwezedwa kukhala mzinda. M'zaka za atsamunda amene ankajambula misewu yotakata ndi mapuloti aakulu ankajambulira azungu ndi amalonda, ku Mandala, ku Sunnyside, ku Nyambadwe. Ophika awo, alonda awo ndi ogwira ntchito m'mafakitale anadzipezera okha pogona m'midzi ya mafumu yozungulira tauni. Midzi ija inadzaza, inalumikizana, n'kusanduka Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chilobwe amene tikuwadziwa lero, koma njira zake zinatsala za kumudzi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa pang'ono 800,000 mumzinda uno, ndipo oposa theka la anthuwa amakhala m'madera otere, amene sanajambulidwe ndi wina aliyense.

Kwathu amene amachotsa zinyalala pakhomo ndi mnyamata wina wa wilibala. Amabwera m'mawa dzuwa lisanatenthe, akukuwa kuti "Zotayaaa!", tayala la wilibala yakeyo likulira chifukwa analimangirira ndi waya. Kumanja amavala majumbo awiri m'malo mwa magulovesi, ndipo jombo yake ya kumanzere inang'ambika pachala. Thumba lililonse timamupatsa kangachepe, thumba lolemera ndi phulusa amakweza mtengo, la mapampasi amayamba wadandaula kaye. Akadzaza wilibala amakhala pansi kuseri kwa mpanda n'kuyamba kusankha. Mabotolo abwino amapita m'thumba lapadera, akawatsuka amakagulitsa kwa amayi a thobwa ndi ogulitsa mafuta ophikira oyeza. Chitsulo chilichonse, kaya chitini cha nsomba kaya mbaula yobooka, chimapita kwa ogula zitsulo pa sikelo. Nsapato yoti ingasokedwe saitaya. Zimene mabungwe amachitira misonkhano m'mahotela, zokhudza kugwiritsanso ntchito zinthu zotayidwa, iye amazichita atakhala pa mwala, popanda alawansi.

Tsiku lina ndinamufunsa.

"Achimwene, zotsalazi mumakasiya kuti?"

"Kuchibini cha kumsika, madala."

"Nanga chikadzaza?"

"Pambali pake."

"Nanga akakuletsani pamenepo?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumwamba kumene mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Michiru. "Madala, mukufuna ndiyankhe zoona? Mvula ili pafupi."

Sindimuda mnyamatayu. Ife amene timamulipira sitimulipira kuti zinyalala zikafike pamalo oyenera, timamulipira kuti zichoke m'maso mwathu, ndipo ntchito imeneyo amaigwira mokhulupirika. Mbali ya ulendo imene wilibala ingathe amaimaliza. Mbali yotsalayo, kuchoka pamsewu kukafika kumtaya, imafuna galimoto, mafuta ndi munthu woti tsiku lakuti abwera ndithu. Pamene pamaduka chingwe ndi pamenepo, ndipo nkhani zambiri za ukhondo wa mumzinda zimalambalala malo amenewa.

Taonani za tsiku losesa. Mu Novembala 2020 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anakhazikitsa tsiku loyeretsa dziko, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Ganizo lake silinali loipa. Miyezi yoyambirira tinaona akuluakulu pa kanema atavala malaya ofanana, masache atsopano m'manja, makampani akutulutsa antchito awo kukatola mapepala m'mbali mwa Chipembere Highway. Ifenso kwathu tinatuluka, amfumu a m'dera atalengeza. Tinasesa, tinafukula ngalande ndi makasu, amayi akuimba, ana akuthamanga ndi zisaka. Pofika madzulo tinali ndi chimulu chofika m'chiuno pamphambano. Apa m'pamene anthu anayamba kuyang'anana. Kukumba dzenje, malo palibe, paliponse ndi pakhomo pa munthu. Kusiya, agalu ndi mphepo zimwaza usiku womwewo. Mkulu wina anangotulutsa machesi. Utsi wa pulasitiki unalowa m'nyumba zonse, mayi wina wa mphumu anakagona kwa mlongo wake, ndipo zimene sizinapse zinabwerera m'ngalande momwe tinazichotsa.

Anthu amakonda kunena kuti tikhale ngati Kigali. N'zoona kuti ku Rwanda amatuluka Loweruka lomaliza la mwezi kukagwira ntchito ya m'dera, koma si tsache limene limayeretsa Kigali. Kumeneko majumbo analetsedwa mu 2008 ndipo chiletsocho chinagwira, komanso mabanja amalipira makampani amene amabwera kudzatenga zinyalala pakhomo. Tsiku losesa limangomalizitsa ntchito imene ikuchitika kale masiku ena onse. Ife tinatengako tsiku lokhalo.

Alandilodi athu, bambo achikulire amene anagwirapo ntchito m'fakitale ku Makata, akamva nkhani zotere amapukusa mutu. "Nthawi ya Kamuzu munthu sukanataya pepala mu Victoria Avenue," amatero. Amakumbuka Sabata ya Achinyamata, pamene ana a sukulu ndi akuluakulu ankakonza misewu ndi kumanga milatho, ndiponso nyenyezi yofiira imene inkapakidwa pa nyumba zakutha za m'tauni kuti zikonzedwe kapena zigwetsedwe. Sanama. Koma ndimawakumbutsa mwaulemu kuti ukhondo umenewo unkayenda ndi mantha, n'chifukwa chake ndale zitasintha mu 1994 anthu ambiri anayamba kuona ntchito yodzipereka ngati thangata. Ndimawakumbutsanso kuti nthawiyo anthu anali ochepa, nsomba ankakulunga m'nyuzipepala, amayi ankapita kumsika ndi dengu, ndipo botolo la chakumwa unkalibweza kugolosale. Dzala la kuseri kwa nyumba linkakwanira chifukwa zonse zotayidwamo zinkawola. Mwana wa lero akagula tchipisi pa chiwaya amalandira jumbo, wa tomato jumbo, wa mafuta jumbo, wa makala a madzulo amodzi jumbo.

Za majumbo opyapyalawa boma linaika malamulo oletsa mu 2015, okhudza mapulasitiki amene kuchindikala kwake sikufika mamayikuloni 60. Makampani opanga anathamangira kukhoti kukatenga ziletso, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo lili m'malo. Ngakhale zinatero, milandu ina inabukanso, zaka n'kumapita. Ambiri mwa mafakitale amene ankalimbana ndi lamuloli ali mu Blantyre momwemuno, ndipo katundu wawo ndi amene amatseka ngalande za antchito awo omwe. Jumbo yopyapyala siigwira ntchito kawiri, wotola saifuna chifukwa pa sikelo ilibe kulemera, mbuzi ikaidya imafa.

Tsono tisangoloza chala. Khonsolo ili ndi katundu wolemera. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linaika m'manja mwa makhonsolo ntchito zambirimbiri: kutenga zinyalala, kusamalira misika, ngalande, misewu ya m'kati mwa mzinda, magetsi a mumsewu, manda, zozimitsa moto, kuona mapulani a nyumba. Ndalama zake zimachokera ku msonkho wa malo ndi nyumba, ziphaso za malonda, matikiti a mumsika, ndi zina zochokera ku boma. Msonkho wa nyumbawo umagwa pa nyumba zimene zinawerengeredwa mtengo n'kulembedwa m'kaundula, pamene nyumba zambiri za m'madera ngati kwathu sizinalembedwepo. Mwa olembedwawo, osalipira alipo ambiri, ndipo amene amawerenga nyuzipepala amaona zidziwitso zokumbutsa angongole. Ndiye wokhala mumzinda amati, "Ndilipirenji pamene sindiona ntchito?" Wa ku ofesi amati, "Ndigwire ndi chiyani pamene simulipira?" Onse awiri akunena zoona, ndipo akhala akunena zoonazo kwa zaka zambiri uku chibini chikusefukira.

Pali china chimene timaiwala. Makhansala amene anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo dziko lino linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka 9 zathunthu munthu wa mumzinda analibe womutuma ku khonsolo. Ana amene anakula nthawi imeneyo sanaphunzire kuti ngalande ikatsekeka umapita kwa yani. Tinazolowera kutengera chilichonse kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo, kuyambira mlatho mpaka bokosi la maliro, ndipo mpaka lero mukafunsa anthu pa siteji ya minibasi dzina la khansala wawo, ambiri amayamba akanda kaye m'mutu. Amene amadziwika ndi mafumu a m'tauni, aja timati mabuloko lida, chifukwa ndiwo amalengeza maliro, kuweruza mikangano ya malire ndi kusaina makalata. Iwowa ali ndi anthu koma alibe galimoto. Khonsolo ili ndi galimoto, ngakhale zochepa, koma m'tinjira tathu mulibe maso ake.

Zinyalala zimene zachita mwayi wokwera galimoto zimapita ku Mzedi, kupitirira Limbe cha ku msewu wa Zomba. Kumeneko n'kumtaya basi: galimoto imakhuthula, otola amathamangira, moto umanyeka pansipansi, ntchentche zimavutitsa midzi yoyandikana nayo. Galimoto yochokera ku Chirimba kapena ku Chilomoni iyenera kudutsa mzinda wonse, kuima pa mzere wa magalimoto mu Limbe, kukhuthula, n'kubwereranso. Pa tsiku singapange maulendo ambiri. Mafuta akasowa m'dziko, monga zakhala zikuchitika zaka zapitazi, nayonso imakaima pa mzere ku filing'i siteshoni ngati wina aliyense.

Apa m'pamene ndimafuna kuti tiyang'ane m'thumba lathu lomwe. Khuthulani lanu pansi muone. Mupeza mapesi a mpiru ndi chigwada, makoko a nthochi ndi a mbatata, zitsononkho, zikhutu za mango, mkute woola, phulusa la mbaula, ndi dothi lambiri losesa pabwalo. Pulasitiki imaoneka yochuluka chifukwa imauluka ndi kuwala, koma chimene chimalemetsa thumba ndi zowola ndi dothi. Kunena kwina, dziko likugula dizilo ndi ndalama zakunja zimene tilibe, kuti linyamule manyowa kuchoka ku Ndirande kukawataya ku Mzedi, pamene thumba la feteleza lafika mtengo woti mlimi wamba akaumva amangoti kukamwa yasa.

Mayi wina wa kumtunda kwathu anazindikira zimenezi kalekale, popanda womuphunzitsa za chilengedwe. Ali ndi munda kwawo ku Chiradzulu, ngati mmene anthu ambiri a mu Blantyre alili ndi kamunda ku Thyolo, ku Lunzu kapena ku Mpemba. Kuseri kwa nyumba yake, pakati pa bafa ndi mpanda, anaika migolo iwiri yodula pakati. Amapempha masamba otsala kwa amayi ogulitsa ndiwo, amathiramo zitosi za nkhuku ndi phulusa, n'kumatembenuza ndi mpini wa khasu. Mvula ikayandikira amapanganso manyowa aja amati a Mbeya: gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, kuwaza madzi, kumanga m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, n'kudikira masabata atatu. Ndinamupeza tsiku lina atapisa dzanja m'mgolo mpaka m'chigongono. Anatulutsa dothi lakuda lofunda, analinunkhiza, n'kundipatsa kuti nanenso ndinunkhize. Silinkanunkha zoola, linkamveka ngati pansi pa mtengo m'nkhalango.

"Bambo, anthu amandiseka kuti ndimatola zonyansa," anatero. "Koma pokolola amabwera kudzapempha maungu."

Matumba ake amakwera pa lole kupita kumudzi, ndipo thumba limene amapereka kwa mnyamata wa wilibala ndi kakang'ono, kopepuka, ka majumbo okhaokha. Misika ya Limbe, Ndirande ndi Blantyre imatulutsa milu ya kabichi ndi tomato woola tsiku ndi tsiku. Zitati zowola zizitsala pafupi ndi pamene zachokera, galimoto zomwe zilipozi zikhoza kukwanitsa gawo lalikulu la zotsalazo.

Mwina wina anena kuti nkhani ya zinyalala ndi yongofuna kukongoletsa mzinda, ya anthu okhuta. Amene akuganiza choncho akumbuke zaka ziwiri zija zotsatizana. Kolera amene anabuka mu Malichi 2022 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre anali m'gulu la malo amene anakhudzidwa kwambiri, moti mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda uno ndi za ku Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Tinkatunga madzi othira kolorini, alangizi a zaumoyo akuyenda khomo ndi khomo, zakudya zophikaphika zitaletsedwa m'misewu. Matendawa amayenda ndi madzi okhudzana ndi chimbudzi, ndipo kwathu kuno mpopi ukauma amayi amatsikira kumtsinje womwe uja walandira mapampasi ndi zotuluka m'zimbudzi zosefukira.

Kolera asanathe, mu Malichi 2023, kunabwera namondwe wa Freddy. Mvula inagwa masiku otsatizana osalekeza, ndipo phiri la Soche linatsitsa matope ndi miyala ikuluikulu pa nyumba za ku Chilobwe ndi madera ozungulira. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Amene tinali mu Blantyre sabata imeneyo sitifuna kukumbutsidwa zambiri. Mvula yotero ikanawononga ngakhale mzinda wokonzeka bwanji, zimenezo tisakane. Koma inapeza mapiri ali ometedwa, nyumba zitakwera mpaka pamene kale panali nkhalango, makwawa atamangidwamo maziko, ngalande zitadzaza majumbo ndi mchenga. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Anthu amene anamanga m'malo amenewo sanali opusa. Anali anthu osowa malo, amene anagula kapuloti kotsika mtengo kwa wina amene analibe mphamvu yogulitsa, m'zaka zimene panalibe wowaletsa kapena wowasonyeza kwina.

Phiri la Ndirande limene ndimaliona ndikatuluka m'nyumba linali ndi nkhalango yowirira, ndipo mitengo yake inatha m'zaka za m'ma 1990, ndale za zipani zambiri zitangoyamba. Chaka chilichonse, nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa mu Disembala, magulu amakwera ndi mbande, amajambulitsa, amatsika. Ena mwa magulu a m'dera amayesetsadi kusamalira, ndipo pali malo pamene mitengo yaphukanso. Koma mbande imafuna munthu woti aipalire mu Febuluwale, ailambulire moto mu Ogasiti, aiteteze kwa mbuzi ndi kwa wofuna nkhuni. Ndipo tonsefe, ngakhale a m'nyumba za magetsi, madzulo timakoleza mbaula. Njinga za makala zimene zimalowa mumzinda m'bandakucha kuchokera cha ku Neno ndi ku Mwanza zimabwera chifukwa ife tikudikira.

Kumetedwa kwa mapiriku kumakafika mpaka mumpopi. Damu la Mudi, limene lili m'munsi mwa phiri la Ndirande, limalandira dothi lokokoloka m'minda ya m'mbali mwake. Madzi ambiri amene timamwa amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa Shire, mtunda wa pafupifupi makilomita 40, ndipo amachita kupopedwa kukwera chitunda cha pafupifupi mamita 800 kuti afike kuno. Kupopa kotere kumadya magetsi ambiri, ndiye magetsi akavuta madzinso amavuta. Zaka zapitazi anawonjezera mapaipi ochokera ku mtsinje wa Likhubula ku Mulanje, koma mzinda ukukula mofulumira kuposa mapaipi.

Komabe pa nkhani ya madzi yomweyi m'pamene ndimaona kanthu kopatsa chiyembekezo, ndipo n'kamene ndikufuna kuti tikatengereko nzeru. Kale makiyosiki ogulitsira madzi m'madera ngati kwathu ankayendetsedwa mwachisawawa. Ndalama zinkatoleredwa, bilu osalipidwa, ngongole n'kukula mpaka mpopi kudulidwa, amayi n'kubwerera kuzitsime. Kenako anakhazikitsa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, aja amati ma WUA, mogwirizana ndi Blantyre Water Board ndi mabungwe othandiza monga Water For People. Bungwe la m'dera limalemba ntchito ogulitsa, ambiri mwa iwo amayi, limawerenga mita, limalipira bilu, limakonza mpopi ukawonongeka. Sikuti zonse zili bwino, mizere ya zigubu m'bandakucha ikadalipo. Koma taonani chimene chinachitika: anthu omwe aja amanenedwa kuti safuna kulipira amalipira chidebe chilichonse, tsiku lililonse, osakakamizidwa ndi wapolisi. Amalipira chifukwa ndalama ikatuluka m'manja madzi amalowa m'chidebe pomwepo, ndipo wolandira ndalamayo amamudziwa kumene amagona.

Zinyalala zikhoza kuyenda chimodzimodzi. Anyamata a mawilibala alipo kale, ndipo ndalama tikulipira kale. Chosowa n'choti anyamatawa adziwike, akhale ndi malo ovomerezeka okasiya katundu wawo m'mbali mwa msewu umene galimoto ingafike, ndiponso kuti tsiku lobwera galimotoyo lidziwike kwa aliyense, lolembedwa pa chibini penipenipo pamodzi ndi nambala yoimbira likadutsa. Kumadera a mipanda ya njerwa makampani ang'onoang'ono otenga zinyalala pa malipiro a pamwezi ayamba kale kuchuluka. Kwathu kuno kampani yotero singalowe ndi lole, koma ingathe kudikira kumsewu.

Nkhaniyi tinaikambirana pa msonkhano wa m'dera Lamulungu lina masana, pabwalo la amfumu, anthu atakhala pa mabenchi obwereka kutchalitchi. Sinayende mosalala. Mkangano woyamba unali woti alipire ndani, mwini nyumba kapena wa lendi. Alandilodi anati zinyalala amapanga ndi okhalamo. A lendi anati mpanda ndi wa eni ake, ife mawa tikhoza kusamuka. Bambo wina anaimirira n'kunena kuti iye salipira kalikonse chifukwa tikiti ya kumsika amadula tsiku lililonse, ndipo ndalama imeneyo ndi ya ukhondo womwewo. Anthu anamuwombera m'manja, ngakhale amene sagulitsa kanthu kumsika.

Amene anatembenuza nkhani ndi mayi uja wa migolo. Anapempha mwayi, anagwada pang'ono, n'kunena kuti, "Zikomo amfumu. Ine ndalama sindikamba. Ndikupempha chinthu chimodzi: nyumba iliyonse ikhale ndi matumba awiri. Zowola ndidzatenga ine ndi anzanga, ulere. Zinazo mukanganirane." Kunamveka kuseka, koma amayi angapo amene ali ndi minda kumudzi anati nawonso akufuna. Mnyamata wa wilibala, amene anaima kumbuyo osaitanidwa, anafunsidwa maganizo ake. Anati thumba lopanda phulusa ndi zowola akhoza kutenga pa theka la mtengo, chifukwa ulendo umodzi anganyamule a nyumba zambiri. Anapemphanso jombo ndi magulovesi, ndiponso kuti anthu asiye kuika magalasi osweka ndi majakisoni m'matumba osamuuza. Anatambasula dzanja kuonetsa chipsera chodutsa pachikhatho chonse.

Tinagwirizana kuti amfumu ndi anthu awiri alembe kalata yopita kwa khansala, yopempha malo osonkhanitsira ndi tsiku lodziwika la galimoto, ndipo kalatayo isainidwe ndi nyumba zonse kuti isaoneke ngati ya chipani. Za matumba awiri zinayamba sabata yotsatira, nyumba zina zikutsatira, zina ayi. Mumpanda mwathu thumba la zowola limadzaza msanga, ndipo ana ndi amene amakumbutsa akuluakulu akasokoneza.

Nkhani imene inatikanika ndi ya mapampasi. Sawola, sapsa bwino, wotola sawafuna, ndipo akaponyedwa m'chimbudzi chokumba chimadzaza msanga moti opopa amakana kapena kukweza mtengo. Agogo ena anati tibwerere ku matewera ochapa. Mayi wina wachitsikana, mwana ali kumsana, anafunsa kuti achapa ndi madzi ati pamene mpopi umatha masiku uli wouma, ndipo iye amachoka m'mawa kupita ku ntchito ku Limbe. Agogowo sanayankhe. Amfumu anati imeneyo tiiike m'kalata momwemo, a zaumoyo akatiuze chochita, ndipo anapempha munthu mmodzi kuti atseke ndi pemphero.